Usiku Umodzi pa Gombe la Itsamia

 Lero ndati ndikutengeni pa ulendo wautali ndithu. Tituluka m'dziko lathu lino kulowera kum'mawa, tidutsa dziko la Mozambique kufikira pamene mtunda uthera, ndipo pamenepo tiwoloka madzi amchere makilomita ngati 300. Kumeneko, pakati pa Africa ndi chilumba chachikulu cha Madagascar, kuli zilumba zinayi zimene zinabadwa ndi moto. Pa chimodzi mwa zilumbazi pali gombe lina lachete kwambiri, ndipo ine ndinagonapo usiku umodzi, ngati kuchezera mpaka mbandakucha tingakutche kugona.

Pa mapu zilumbazi mudzazipeza ndi dzina loti Comoros, koma eni ake amazitchula chilichonse ndi dzina lake: Ngazidja, Ndzuani, Mwali ndi Maore. Analengeza ufulu wawo kuchoka m'manja mwa Afalansa pa 6 July 1975, kotero kuti pa tsiku limene ife tikumbukira chaka cha 1964, iwonso kumeneko ng'oma zimakhala zikulira. Koma Maore, chimene Afalansa amati Mayotte, chinatsalira m'manja mwa France, ndipo mkangano wake sunazizire. Anthu a kumeneko ndi Asilamu pafupifupi onse. Chiyankhulo chawo n'chapachibale ndi Chiswahili, ndipo Mmalawi akatchera khutu pamsika amadzidzimuka kumva mawu akwawo: mbuzi ndi mbuzi, nyumba ndi nyumba, mwezi ndi mwezi.

Ndanena kuti zilumbazi zinabadwa ndi moto, ndipo sindinanene mwambi. Pansi pa nthaka imene tikuyendapoyi, kutali kunsi, n'kotentha kotero kuti mwala umasungunuka. Ife tidziwako pang'ono za kutentha kumeneku poona madzi a mawira a ku Nkhotakota, ku Liwonde ndi ku Chiweta. Tsono pali malo ena pamene mwala wosungunukawo umapeza mng'alu n'kutulukira kunja ngati phala losefukira mumphika. Ukatulukira pansi pa nyanja umazizira n'kuuma. Pamwamba pake pamabwera wina, pamwamba pa winayo winanso, zaka zikwi ndi zikwi, mpaka mulu uja utulutsa mutu pamwamba pa madzi. Mutu umenewo ndiwo chilumba. Musaganize kuti izi ndi za makedzana zokha. M'chaka cha 2018 anthu a ku Maore anavutika ndi zivomezi miyezi yambiri osadziwa gwero lake, ndipo akatswiri atayeza pansi pa nyanja chaka chotsatira anapeza phiri latsopano, lotalika mamita ngati 800, litamera makilomita 50 kum'mawa kwa chilumbacho, pamalo pamene kale panalibe kanthu. Analitcha Fani Maoré.

Ndege inanditsitsa pa Ngazidja, chilumba chachikulu pa zonse, chimene chilinso chaching'ono m'kabadwidwe. Pamwamba pa mzinda wa Moroni pali phiri la Karthala, lotalika mamita 2,361, ndiye kuti loposa phiri la Dedza ngakhale silifika pa Sapitwa. Phiri ili lili moyo. Mu April 1977 linang'ambika m'nthiti, chiphalaphala chamoto n'kutsetsereka kupyola m'mudzi wa Singani, kukwirira nyumba pafupifupi 300, mpaka kukagwera m'nyanja. Mu 2005 linalavula phulusa kawiri, ndipo apa vuto lalikulu linali la madzi. Muyenera kudziwa kuti pa Ngazidja mvula imagwa yambiri, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe woyenda chaka chonse, pakuti mwala wa chiphalaphala uli ndi timabowo ngati chisa cha njuchi ndipo madzi amangolowa pansi. Anthu amakolola madzi a mvula kuchokera padenga n'kuwasunga m'zitsime zomanga ndi simenti. Phulusa litagwera m'zitsime zija, midzi yambiri inasowa chakumwa pa chilumba chozingidwa ndi madzi mbali zonse.

Gombe loyamba limene ndinapondapo ndi la Chomoni, kum'mawa kwa Ngazidja. Pamenepo ndi pamene munthu amaona bwino kusiyana kwa nyanja yathu ndi yawo. Miyala ya ku Chembe kapena ku Nkhata Bay ndi yotuwa, yosalala, yoti ana n'kumaseweretsapo. Ya ku Chomoni ndi yakuda bii ngati makala, yokhakhala, yakuthwa, ndipo ukaiyang'anitsa umaona makwinya a momwe inkayenderera ili yamadzi. Nsapato zanga zinaona zakuda tsiku limenelo. Pakati pa miyala yakudayo pali kachigawo ka mchenga woyera mbuu, ndi milambe itaimirira chapamtunda monga ya ku Mangochi. Mchenga woyerawo suchokera kuphiri ayi. Umachokera m'nyanja: ndi zibenthu za zigoba za nkhono ndi za matanthwe amene tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi amchere timamanga, zimene mafunde akhala akupera kwa zaka zosawerengeka. N'chifukwa chake mchenga pa zilumba zotere ndi chuma chosowa. Ukautapa lero, suyenera kuyembekeza kuti mvula ya chaka chamawa ibweretsa wina monga achitira Linthipe kapena Bua.

Koma ulendo wanga sunali wa ku Chomoni. Ndinatsikira kumwera, pa doko laling'ono la Chindini, kumene mabwato a injini amanyamula anthu kupita ku Mwali. Inali nyengo ya mphepo imene iwo amati kusi, yochokera kumwera, imene imawomba miyezi yomweyo imene mwera umavutitsa asodzi athu. Amene munakwerapo boti pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma mu July simufunika kukufotokozerani. Kusiyana kwake n'kwakuti funde la kumeneko limabwera lalitali ngati chulu, bwato n'kukwera pang'onopang'ono, kenaka n'kutsetsereka, ndipo madzi akakumenya kumaso amawawa mchere. Mayi wina wachikulire amene anakhala pafupi nane anali atafungatira nkhuku, akutafuna kanthu mosatekeseka, nthawi ndi nthawi n'kumandiyang'ana mwachifundo.

Mwali ndi chaching'ono pa zilumba zonse zinayi, ndipo pa kalembera wa 2017 panapezeka anthu oposa pang'ono 50,000, chiwerengero chosafika ngakhale pa cha boma laling'ono la kwathu kuno monga Mwanza. Moto wake unazima kalekale. Mwala wakuda uja unafumbutuka n'kusanduka dothi lofiira lachonde, kotero kuti kuli mitsinje, nthochi, chinangwa, mitengo ya kokonati, ndi maluwa achikasu a ylang-ylang amene amatcheza mafuta onunkhira ogulitsa ku Ulaya. Kuchoka pa boma la Fomboni galimoto inatitengera kum'mawa, msewu wokhotakhota, mpaka pamene msewuwo uthera. Pamenepo pali mudzi wa Itsamia. Chapafupi, kuseri kwa chitunda, kuli nyanja yaing'ono yozungulira yotchedwa Dziani Boundouni, imene inadzaza m'kamwa mwa phiri lozima. Ndi chizindikiro choonekeratu chakuti pamalo ofatsa chonchi panali ng'anjo.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Tsono ndikufuna mumvetse chimene ndikutanthauza ndikati gombe lachete. Ife tikati kunyanja timaganiza za phokoso: amayi akutsuka mbale, ana akusambira, asodzi akukoka khoka ndi nyimbo, ogula usipa akutsutsana mitengo, wailesi ikulira m'kagolosale. Ku Itsamia mudzi uli pomwepo, nyumba zake zikuyang'ana kumadzi, koma pamchenga panalibe munthu kupatula mnyamata mmodzi akubweza mbuzi. Panalibe hotela yosanja, panalibe nyale zamagetsi zowalira kumadzi. Chimene ndinkamva ndi funde lokha, likamenya phwaa, n'kubwerera likukoka timiyala, ndi mphepo m'masamba a kokonati. Ndinakhala pansi kanthawi ndithu ndisanazindikire kuti ndikuyankhula monong'ona ngakhale panalibe wodwala.

Chachiwiri chimene ndinaona n'chakuti mchengawo sunali wosalala. Kumtunda kwake, kufupi ndi zitsamba, kunali maenjemaenje ngati munda umene akumbamo mbatata. Ndipo kuchokera m'madzi kukafika m'maenjemo munali mikwasa yotambalala ngati mita imodzi, yokhala ndi mano mbali zonse ziwiri. Ndinafunsa mnyamata amene anandilandira, mmodzi wa alonda a gombelo, kuti thirakitala imeneyi ikudzatani pamchenga. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Tinkamvana m'Chiswahili chothyokathyoka, changa chophunzira ku Karonga, chake cha pa doko. "Bambo," iye anati, "thirakitala yake mudzaiona usiku. Dzina lake ndi nyamba." Nyamba ndiye kamba wa m'nyanja yamchere.

Tisanafike usikuwo, ndiloleni ndipatuke pang'ono, chifukwa madzulo amenewo kunja kutayera ndinaona mapiri kutsidya kwa madzi chakum'mawa, ndipo mlonda uja anati ndi Ndzuani. Dzina limeneli mwina simulidziwa, koma amene munaphunzira mbiri ya dziko lino mukumbukira dzina loti Johanna. Ndi chilumba chomwecho. Angerezi ankachitcha choncho. Amishoni a Bishopu Mackenzie, amene anadzakhazika mishoni pa Magomero mu 1861, ena mwa iwo anayamba adikira pa Johanna asanalowe mu Zambezi ndi Shire. Ndipo mu 1866 David Livingstone anali ndi amtengatenga khumi ochokera pa chilumba chimenechi, mtsogoleri wawo Musa. Atafika chakumwera kwa nyanja yathu anamva mbiri ya nkhondo ya Angoni kutsogolo, anachita mantha, nathawa. Atafika ku Zanzibar, pofuna kuti alandire malipiro awo, anasimba kuti Livingstone waphedwa. Bodza limeneli ndilo linabweretsa E. D. Young mu 1867 kudzafufuza, ndipo anthu a m'mbali mwa nyanja anamutsimikizira kuti mzungu uja anadutsa wamoyo. Young yemweyo ndiye anadzabwera ndi sitima ya Ilala ku Cape Maclear mu 1875. Ngakhale mleme waukulu wakuda wa m'nkhalango za Ndzuani ndi Mwali, umene supezeka kwina kulikonse m'tchire la dziko lapansi, umadziwika ndi dzina la Livingstone. Pali ulusi wina wowawa kuposa umenewu: m'zaka za m'ma 1800 zombo zinkatsitsa pa zilumbazi akapolo ochokera ku gombe la Mozambique, ndipo zidzukulu zawo zinkatchedwa Amakua, abale awo a Alomwe athu. Ndinayang'ana mapiri aja mpaka mdima unawameza.

Titadya mpunga wophika ndi madzi a kokonati ndi nsomba, mlonda uja anandipatsa malamulo. Osayatsa tochi. Osasuta fodya. Osayenda pakati pa kamba ndi madzi, ndiponso osaima kutsogolo kwake. Kuyenda kumbuyo kwa mlonda, iye akakhala pansi nanenso kukhala pansi. Ndinavomera zonse monga munthu wamkulu. Tinakhala pamchenga kudikira kuti madzi adzale, pakuti nyanja yamchere imaphwa ndi kudzala kawiri pa tsiku motsata mwezi, ndipo akamba amakonda kutuluka madzi atakwera kuti ulendo wa pamtunda ufupike. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinadekha maola awiri kapena kuposa.

Kenaka mlonda anandigwira pa mkono. Pamene funde linathera panali chinthu chakuda ngati mwala, pamalo pamene poyamba panalibe mwala. Funde lina linabwera, chinthu chija chinasendera. Ndinamva kupuma kwake, phuu, kozama ngati kwa ng'ombe yotopa. Apa ndiye ndinachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Mtima unandithamanga, dzanja linalowa lokha m'thumba, ndipo ndinayatsa tochi kumuwalitsa kumaso. Sizinatenge nthawi. Kamba uja anaima, anatukula mutu, anatembenuka mwapang'onopang'ono ndi thupi lake lolemeralo, n'kubwerera m'madzi. Funde linatseka pamene analowera.

Mlonda sanakalipe. Akadakalipa bwenzi zili bwino. Anangoti, "Bambo, mayi ameneyu mwina wachokera ku Mozambique kapena ku Tanzania. Wasambira masabata. Mwamubweza pakhomo." Kenaka anatambasula dzanja, ine n'kumupatsa tochi ija monga mwana wa sukulu wogwidwa ndi lastiki. Anandiuza pambuyo pake kuti kamba wobwezedwa chonchi kawirikawiri amayesanso usiku womwewo kapena wotsatira, koma akasokonezedwa kambirimbiri amatha kutayira mazira m'madzi, momwe sangaswe.

Mwayi wake, pa Itsamia akamba sasowa. Gombe limeneli ndi ena anayi oyandikana nalo ali m'gulu la malo ofunika kwambiri oswerana akamba a mtundu uwu m'chigawo chonse cha nyanja ya India cha kufupi ndi Africa, ndipo amabwera chaka chonse, makamaka m'miyezi ya kusi. Pasanathe ola wina anatuluka chapatali pang'ono. Ulendo uno ndinakhala ngati chitsa. Anakwawa mamita angapo n'kupuma, kukwawanso n'kupuma, pakuti nyama imene m'madzi imauluka ngati mbalame pamtunda imasenza thupi loposa makilogalamu 100, matumba awiri a chimanga ndi kuposerapo. Chigoba chake chinali chotalika ngati mita. Atafika pouma anayamba kupalasa mchenga ndi zipsepse zakutsogolo, kuuponya kutali, mpaka thupi lonse linalowa m'dzenje. Kenaka ntchito inasintha. Ndi zipsepse zakumbuyo, chimodzi kenaka chinzake, anayamba kukumba kadzenje kena kakang'ono kozama ngati mtsuko. Chipsepse chimalowa, chimapinda ngati chikhato cha munthu, chimatapa mchenga, chimautula pambali mosamala. Iye osaona n'komwe chimene akuchita, pakuti zonse zikuchitika kumbuyo kwake. Ndaona amayi akuumba mbiya ku Nkhoma, koma luso la zipsepse zija linandisowetsa mawu.

Atayamba kuikira, mlonda anandikodola kuti tsopano tingayandikire, chifukwa kamba akayamba kuikira samvanso za kunja. Anayatsa kanyale kofiira, kakang'ono, kuchokera kumbuyo. Mazira ankagwa awiriawiri, atatuatatu, oyera, ozungulira ngati timipira, a khungu lofewa losasweka. Pa chisa chimodzi amaikira mazira 100 kapena kuposa, ndipo m'nyengo imodzi amabwera kangapo, motalikitsa ngati masabata awiri, kenaka n'kupita osabweranso zaka ziwiri, zitatu kapena zinayi. M'maso mwake munkatuluka misozi yolenda. Anthu amati akulirira ana amene sadzawaona, ndipo ndi mawu okoma, koma zoona zake n'zakuti umo ndi momwe thupi lake limatayira mchere wa m'madzi amene amamwa. Atatha anakwirira, anapondaponda, anamwaza mchenga malo aakulu kuti asokoneze pamene pali chisa, n'kuyamba ulendo wobwerera. Zonsezi zinatenga maola oposa awiri. Mlonda anayeza chigoba ndi tepi, nalemba m'kabuku kake kokutidwa ndi pulasitiki.

Mayiyo sabweranso kudzaona chisa. Amene amafungatira mazira ndi mchenga wotenthedwa ndi dzuwa, kwa miyezi ngati iwiri. Ndipo pano pali chodabwitsa: kutentha kwa mchengawo ndiko kumagamula ngati ana adzakhale aamuna kapena aakazi. Kukapyola madigiri 29 ambiri amakhala aakazi. Kukachepera ambiri amakhala aamuna. Ndiye mukamva akatswiri akudandaula za kutentha kwa dziko, dziwani kuti nkhani yake imafika mpaka m'kadzenje kameneka. Munthu akadula mitengo ya m'mbali mwa gombe, wachotsa mthunzi, wasintha mtundu wa ana osadziwa.

Kum'mawa kutayamba kufiira ndinaona mbali ina ya nkhaniyi. Pamalo ena mchenga unayamba kuwira ngati nsima, ndipo munatuluka timitu takuda, kenaka tiana tambirimbiri, kalikonse kokwana m'chikhato. Tonse tinalunjika kunyanja. Timadziwa njira poona kumene kukuwala, pakuti usiku pamwamba pa nyanja pamayera kuposa kumtunda, ndipo n'chifukwa chake babu limodzi la pakhonde likhoza kutembenuza chisa chathunthu kuti chilowere kumudzi n'kukafera m'fumbi. Apa ndinamvetsa chifukwa chimene nyumba za ku Itsamia zimakhalira mumdima mbali ya kumadzi. Tiana tija tinachedwa kutuluka, ndipo akhwangwala, a mawanga oyera pachifuwa omwe aja a kwathu kuno, anali atafika kale. Nkhanu nazo zinali m'mauna mwawo zikudikira. Ndinafuna kutola tiwiri titatu kuti nditiperekeze, koma ndinayang'ana mlonda, ndipo manja anga anakhala m'thumba. Akatswiri amayerekeza kuti pa ana 1,000 mwina mmodzi yekha ndiye amakula. Amene wakulayo amatha zaka makumi awiri kapena atatu akudya msipu wa pansi pa nyanja m'maiko ena, ndipo nthawi yake ikakwana amabwerera kudzaikira kudera lomwe anabadwira.

Tsono mungafunse kuti kodi zatheka bwanji kuti nyama yochuluka chonchi, yosathawa, yosaluma, ikhale ikutulukira pakhomo pa anthu osauka usiku uliwonse n'kubwerera yamoyo. Yankho lake silophweka. Anthu ambiri a pa Mwali sadya kamba, ndipo ena amati chipembedzo sichilola. Koma alipo amene amadya, ndipo msika wa nyamayo ulipo, makamaka kumene anthu achulukana ndipo ndiwo zikusowa. Opha akamba amabwera usiku pa bwato la injini, amagadabuza kamba chagada, ndipo kukamacha pamatsala chigoba chokha. Cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 achinyamata a pa Itsamia anapanga bungwe lawo, nayamba kulondera gombe okha, boma lisanawatume. Mu 2001 boma linakhazikitsa malo otetezedwa a m'nyanja kumwera kwa Mwali, oyamba m'dzikomo, oyendetsedwa mogwirizana ndi midzi khumi. Pambuyo pake anawakuza kukhala paki ya dziko lonse, ndipo mu 2020 bungwe la UNESCO linaika chilumbachi m'kaundula wa malo osungirako chilengedwe pamodzi ndi anthu ake. Alendo ochepa amene amafika amagona m'tinyumba ta mudzi, ndipo ndalama yake imathandiza pa zosowa za mudziwo.

Koma ndingakunamizeni nditati nkhondoyo inatha. M'mawa umenewo mlonda ananditengera kuseri kwa thanthwe, pa kagombe kena kosaoneka kuchokera kumudzi, n'kundionetsa zigoba ziwiri zitagadama, china chakale choyera, china chikadali ndi ntchentche. Alonda ndi ochepa, magombe ndi ambiri, ndipo ndalama zothandizira ntchitoyi zimabwera n'kuleka monga mvula ya chiperoni. Iye alibe mfuti. Ali ndi tochi, mluzu ndi kabuku. Anandiuza kuti amene amabwera usikuwo amakhala ndi zikwanje. Ndinamufunsa ngati amadana nawo. Anaganiza kaye, kenaka anati munthu amene ana ake agona ndi njala samuda, koma akamusiya, mwana wake wa iye mwini adzamva za nyamba m'nthano zokha. Ine ndiyesa kuti pa mawu amenewa palibe chowonjezera, ndipo sindikhulupirira munthu wokhuta amene amaweruza nkhani yotere mofulumira.

Ntchito ya anthu onga iyeyu, m'maiko ambiri ndi kwa zaka zambiri, yaoneka phindu lake. Mu October 2025 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi, linachotsa kamba wa mtundu uwu pa gulu la nyama zimene zatsala pang'ono kutha pa dziko lonse, ngakhale m'madera ena akadali pamavuto. Inu a ku Salima nkhani yotereyi siyachilendo kwa inu. Pa chilumba cha Mbenji, mwa lamulo la mfumu Makanjira ndi anthu ake, usodzi umatsekedwa nyengo ya dzinja chaka ndi chaka kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo utaka wa kumeneko mumaudziwa kukula kwake. Lamulo limene mudzi wadziikira wokha limakhala ndi maso ambiri kuposa limene labwera pa galimoto.

Mdani wina wa gombe sabwera ndi chikwanje. Pa zilumbazi anthu akumanga nyumba za simenti, ndipo monga ndanena, mchenga ulipo wochepa. Pali magombe pa Ndzuani ndi pa Mwali pomwe amene anatapidwa ndi mabeseni ndi matumba mpaka panatsala miyala yokhayokha, nyanja n'kuyamba kudya msewu ndi maziko a nyumba. Namondwe akabwera amapeza khomo lotsegula, ndipo anamondwe kumeneko sasowa: Kenneth anapyola pa Ngazidja mu April 2019 asanakagwe ku Cabo Delgado, ndipo Chido, amene anasakaza Maore mu December 2024, ndi yemwe uja anadzasasula madenga kuno kwathu masiku ochepa pambuyo pake. Pa Itsamia mchenga satapa. Ndikamaona malole akutsika kunyanja kwathu usiku kukanyamula mchenga, ndimakumbukira maenje aja.

Dzuwa litakwera, madzi anaphwa, ndipo gombe linakhalanso monga ndinalipezera: mikwasa yatsopano pamwamba pa yakale, mbuzi, funde. Ndinawerenga mikwasa khumi ndi inayi yokwera ndi khumi ndi inayi yotsika. Umodzi unali waufupi, wokhota ngati uta, wosafika pouma. Ndinaudziwa mwini wake. Mlonda anauyang'ana, anandiyang'ana, kenaka analoza wina chapatali, wotambalala chimodzimodzi, umene unakafika mpaka kuzitsamba. "Mwina ndi yemwe uja," iye anati. Sanganene motsimikiza, ndipo ine sindinamukakamize. Pokwera galimoto anandibwezera tochi yanga, atachotsamo mabatire, n'kundipatsa padera m'dzanja lina.

Nthawi yathu yathera pamenepa, abale anga. Amene muli ndi mafunso pa nkhaniyi tilembereni kalata monga mwa masiku onse. Mpaka sabata yamawa nthawi ngati yomweyino, tsalani bwino, mugone bwino.